Ngabu uti, Salima uti? Mmene dzina limodzi limasenzera matanthauzo ambiri ku Chigwa cha Shire

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, azakhali anga anakhala masabata angapo pamsasa wina kutsidya kwa Shire, akugona m'kalasi pamodzi ndi mabanja ena amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Tsiku logawa ufa, mlembi anaima pansi pa mtengo wa nimu, kaundula ali m'manja, n'kuyamba kuitana mayina. Dzina lina analiitana katatu, bwalo lonse lili zii. Azakhali anali pomwepo, atakhala pa chiguduli, chiphaso cha unzika atachimangirira pansonga ya chitenje. Anachita kuwagwedeza ndi kamtsikana ka pakhomo loyandikana nalo: "Agogo, akuitana inu."

Dzina limene linali m'kaundula linali la malemu amuna awo, pakuti ndi limene anyakwawa amalidziwira khomo limenelo. Pachiphaso pali dzina la bambo awo owabereka. Kutchalitchi amawaitana ndi la ubatizo. Koma mudzi wonse, ana ndi akulu omwe, umawatcha Naphiri, ndipo ndi lokhalo limene amacheukira akalimva. Panafunika anyakwawa ndi amayi awiri achikulire kuti aikire umboni kuti munthuyo ndi mmodzi yemweyo. Ufa analandira dzuwa litapendeka.

Palibe ananama tsiku limenelo. Mayina onse anayi ndi awo. Chinavuta n'chakuti liwu loti "dzina" kwa mlembi linkatanthauza china, kwa anyakwawa china, kwa eniakewo chinanso. Zoterezi zimabuka nthawi zonse kukakhala kalembera, ndipo ndi msuweni wa mikangano imene timaiona pa Facebook: kodi ndi Chikwawa kapena Chikhwawa, kodi a Phiri onse ndi pachibale, kodi anthu a ku Nsanje anachita chiyani kuti boma lawo litchedwe choncho. Mayina tiwapeza kutsogoloku. Tiyambe taona mmene mawu wamba amakhalira.

Tanthauzo likaphuka nthambi

Akatswiri a zilankhulo amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timangoziika m'dengu limodzi. Choyamba amachitcha polysemy, ndiye kuti liwu limodzi limene tanthauzo lake lakula n'kuphuka nthambi, koma tsinde likadali limodzi. Zili ngati Shire akalowa m'dambo la Elephant Marsh: amagawikana timitsinje tambirimbiri tokhotakhota m'mabango, koma madzi ndi omwe aja atsika pa Kapichira.

Tengani liwu loti sitima. Linabwera ndi ngalawa zoyendera nthunzi, kuchokera ku liwu la Chingerezi lakuti steamer. Yoyamba kukwera Shire inali Ma Robert ya David Livingstone mu 1859, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake munthu wa m'chigwa akanena sitima ankaloza kumtsinje. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, itafika ku Blantyre mu 1908, anthu anaona chinthu china chofuka utsi, cholira mluzu, chonyamula anthu ndi katundu. Sanavutike kupeka liwu latsopano. Anati nayonso ndi sitima, ya pamtunda. Patapita nthawi mwana anaposa kholo: lero ukangoti sitima, aliyense amaganiza za njanji, ngakhale ana a ku Bangula amene anabadwa madzi atakokolola kale njanji cha ku Chiromo mu 1997. Ya pamadzi ija ndi imene tsopano imafunika kuifotokoza.

Liwu loti kachisi layenda ulendo wautali kuposa pamenepo. M'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kachisi ndi kanyumba kozungulira, kofolera ndi udzu, komwe amapereka nsembe kwa Mbona, mzimu umene Amang'anja amaulemekeza, popempha mvula. Amishoni pomasulira Baibulo anafunafuna liwu loyenera nyumba yaikulu yopembedzeramo ya ku Yerusalemu, ndipo anatola lomweli. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, kachisi wa udzu ndi kachisi wa Solomo anayamba kukhala pansi pa liwu limodzi. Nsembe nayo inayenda njira yomweyo, mpaka munthu wovala mkanjo paguwa timamutcha wansembe. Mkhristu wa ku Muona ndi mkulu wa ku Khulubvi akhoza kunena chiganizo chimodzimodzi, "tikupita kukachisi kukapereka nsembe", aliyense akuona chithunzi chake m'mutu.

Ndiye pali ambuye. Liwu limeneli limafika kwa Mulungu, kwa bishopu, kwa agogo, ndiponso kwa mwini wa chinthu kapena wolamulira. Tsinde lake ndi munthu wamkulu amene ena amabisala pansi pa mthunzi wake. M'chigwa muno mawonekedwe ake a Chisena, mbuya, analowanso m'ndale: Gwanda Chakuamba, amene anamwalira mu 2016, anthu ankangomuti Mbuya, osafunika kuwonjezera dzina lina.

Ngakhale liwu laling'ono ngati kudya limachita zomwezi. Timadya nsima, wina amadya ndalama za gulu, ndipo chaka chilichonse mtsinje umadya munda wa munthu m'mbali mwa gombe. Palibe amasokonezeka, chifukwa mawu oyandikana nalo amaliwongolera.

Ofanana nkhope koma osakhala pachibale

Chachiwiri akatswiri aja amachitcha homonymy. Apa mawu ndi awiri osiyana, aliyense ndi kwawo, koma anangopezeka kuti amamveka kapena kulembedwa mofanana, monga anthu awiri ofanana nkhope amene akumana pamsika wa Nchalo koma wina ndi wa ku Chapananga, wina wa ku Marka.

Chichewa chili ndi ambiri otere papepala kusiyana ndi pakamwa. Chifukwa chake n'chakuti chilankhulo chathu chimagwiritsa ntchito kukwera ndi kutsika kwa mawu posiyanitsa tanthauzo, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Mtengo womera pansi, ukautchula pawokha, mawu amakwera pa "te". Mtengo wa thonje kumsika umatchulidwa mopanda kukwera. Khungu la pathupi limakwera koyambirira, khungu la kusaona limakwera kumapeto. Khutu la mwana wa zaka zisanu limamva kusiyana kumeneku, koma cholembera sichikuona. Likulu la mfumu yaikulu Lundu limatchedwa Mbewe ya Mitengo. Wowerenga amene sanafikeko ali ndi ufulu wofunsa ngati kumeneko kuli nkhalango kapena msika, komanso ngati Mbewe ameneyu ndi malo kapena ndi mfunda uja wa a Mbewe ndi a Nambewe.

Nthawi zina kusiyana kumagona pa kampweya kochepa kamene timakalemba ndi "h". Khwawa ndi chigwembe chimene madzi anakumba. Kukwawa ndi kuyenda ndi mawondo ngati khanda. N'chifukwa chake kalembedwe ka dzina la boma lija kamautsa mkangano: amene amalemba Chikhwawa amati dzinalo likuloza makhwawa otsika m'mapiri, ndipo kuchotsa "h" n'kulisandutsa chinthu chokwawa. Amene amalemba Chikwawa amati ndi mmene lakhala likulembedwera pamapu ndi m'makalata kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo aliyense amalizindikira. Zikwangwani ndi zikalata zimapezeka ndi kalembedwe konse kuwiri. Kwa munthu wapansi sizivuta. Kwa kompyuta imene ikufufuza dzina m'kaundula, amenewa ndi maboma awiri.

Nsanje ndiye amavutika ndi nthabwala. Dzinali linalowa m'malo mwa Port Herald dziko litalandira ufulu, ndipo Mmalawi aliyense akalimva amayamba waganiza za njiru ya mumtima. Eni dera amaloza kwina: ku udzu wautali wa m'mbali mwa mtsinje umene ankautcha nsanje. Tanthauzo lodziwika kwambiri limakonda kuphimba linzake ngati chitedze pa mtengo waung'ono, mpaka mbadwo wotsatira umaiwala kuti pansipo panali china.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine ndi mphala. Kwa mnyamata wa ku Dowa kapena ku Lilongwe, mphala ndi kanyumba kogona anyamata osakwatira. Mlimi wa m'chigwa akati "chaka chino ku mphala sikunachite bwino, tikudalira kudimba", akunena minda ya kumtunda yodalira mvula, kusiyanitsa ndi minda ya m'dambo imene amalima madzi akaphwera. Mlangizi wa zaulimi wochokera m'chigawo cha pakati amene wangofika kumene ku Ngabu amayenera kuphunziranso liwu limene ankaganiza kuti analidziwa ali mwana.

Dzina lachiwiri silichokera kumodzi

Tsopano tibwerere kwa azakhali. Fomu ya boma, ya banki, ya sukulu kapena yolembetsera nambala ya foni ili ndi bokosi limodzi la dzina lachiwiri. Bokosi limeneli linapangidwa ndi maganizo akuti banja lililonse lili ndi dzina limodzi lotsika kuchokera kwa agogo kupita kwa zidzukulu osasintha. M'chigwa cha Shire zinthu zosiyanasiyana zimalimbirana bokosi lomwelo.

Choyamba ndi mfunda, umene ena amati chiwongo. Phiri, Banda, Mwale, Mbewe si mayina a banja limodzi ayi, koma a magulu akuluakulu a anthu amene anafalikira m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique m'nthawi ya ufumu wa Maravi. Mafumu aakulu a ufumuwo, Kalonga, Undi ndi Lundu, anali a Phiri. A Banda mbiri imawalumikiza ndi nthaka ndi zopempha mvula. Mfunda ndi dzina laulemu, loitanira munthu wamkulu amene sungamutchule dzina lake lenileni, ndipo kwa amayi limatenga "Na" kutsogolo: Naphiri, Nabanda, Nambewe. Kale pakati pa Achewa ndi Amang'anja mfunda unkatsata kuchikazi, monga mmene ufumu ndi minda zimayendera m'mbumba. Masiku ano ambiri amatenga wa bambo. Ndiye munthu mmodzi akhoza kukhala Phiri kwa amalume ake ndi Banda pa satifiketi ya sukulu, onse awiri akunena zoona.

Chachiwiri ndi dzina loyamba la bambo kapena la agogo aamuna. Ili ndiye lofala kwambiri kuno kummwera. Mwana akapita kukalembetsa sukulu, aphunzitsi amafunsa kuti "bambo ako ndani?", ndipo yankho limasanduka dzina lachiwiri. Mwana wa mwanayo akadzapita, amatchulanso bambo ake, dzina n'kusintha. Motero abale a mimba imodzi amene analeredwa kosiyana, wina kwa bambo, wina kwa amalume, amapezeka ndi mayina achiwiri osiyana, pamene anthu awiri osadziwana n'komwe amapezeka ndi limodzi.

Apa ndi pamene mbiri ya Asena imaonekera bwino. Liwu loti Sena palokha ndi tauni ya m'mbali mwa Zambezi ku Mozambique, ndi mtundu wa anthu, ndiponso ndi chilankhulo. Asena ambiri analowa m'chigwa cha Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa ntchito yokakamiza ndi msonkho wa Apwitikizi, makamaka nkhondo ya Makombe ya mu 1917 itatha. Ena anabwera m'zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Anabwera ndi mayina a Chipwitikizi amene lilime linali litawasula kale: José anasanduka Zuze, João anasanduka Juwawo, Luís anasanduka Luwizi. Kwa Apwitikizi amenewa ndi mayina oyamba a ubatizo. Kuno anakhala mayina a mabanja. Asena amatsata kuchimuna ndipo amalowola, pamene Amang'anja amatsata kuchikazi. Mitundu iwiriyi yakwatirana kwa mibadwo ingapo, kotero m'nyumba zambiri za ku Nsanje ndi ku Chikwawa funso loti "mwanayu ndi wa kwa yani" lili ndi mayankho awiri, ndipo dzina limene lalembedwa limasonyeza mbali imene inali pafupi tsiku lolembetsa.

Chachitatu ndi dzina lopatsidwa chifukwa cha khalidwe, ntchito kapena maonekedwe. Lotchuka kwambiri ndi Mandala. Mandala ndi magalasi a m'maso. John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes yomwe inakhazikitsidwa mu 1878, ankavala magalasi, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kupita pa kampani, imene sitima zake zinkatsitsa katundu pa doko la kwa Katunga ku Chikwawa kuti amtengatenga akwere naye phiri kupita ku Blantyre. Linapitanso pa masitolo a kampaniyo, pa nyumba yakale ya Mandala, ndi pa dera lonse la mumzindawo. Lero ndi dzinanso la mabanja. Katswiri wa mbiri yakale amene analemba mozama za alimi a m'chigwa chino ndi Elias Mandala, ndipo iye mtsinjewu ankaulemba kuti Tchiri, motsata matchulidwe a eni dera, osati Shire wa Angerezi kapena Chire wa Apwitikizi.

Chachinayi, kwa amayi, ndi dzina la amuna awo, mwambo umene unakula ndi matchalitchi ndi maofesi. Atsogoleri atatu a mayiko amatithandiza kuona zimenezi. Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu, Rupiah Banda amene analamulira Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, ndi Joyce Banda amene analamulira Malawi kuyambira 2012 mpaka 2014, onse ndi a Banda. Koma Joyce Banda anabadwira ku banja la a Mtila ku Zomba, ndipo Banda ndi dzina la ukwati. Zilembo zisanu zomwezo, njira zofikira pa izo n'zosiyana.

Dzina limene ndi mpando

Pali mtundu wina wa dzina umene alendo amasokonezeka nawo kwambiri. Lundu, Tengani, Mlolo, Malemia, Chapananga: awa ndi mayina a mipando. Wolowa ufumu amavula dzina lake n'kuvala la mpandowo, n'chifukwa chake timati "walowa dzina". Lundu amene Apwitikizi ankamulemba kuti Rundo, amene anagonjetsedwa ndi Kalonga Muzura mothandizidwa ndi Apwitikiziwo mu 1622, ndi Lundu wa lero, ndi anthu osiyana otalikirana zaka mazana anayi. Koma mkulu wofotokoza mbiri pabwalo amati "Lundu anachita chakuti" osasiyanitsa, chifukwa kwa iye dzinalo silifa. Tengani amene Livingstone anakumana naye mu 1859 amakambidwa ngati kuti ndi yemwe uja tinamuona pamsonkhano chaka chatha. Ofufuza mbiri amayenera kusamala kwambiri pamenepa, apo ayi zochita za mafumu khumi zimaunjikidwa pa munthu mmodzi.

Dzina la mpando limasandukanso dzina la dera. "Ndimakhala kwa Maseya" sizitanthauza kuti umagona m'nyumba ya mfumu. Ndipo mayina ena a mipando ya ku Chikwawa, monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, anayamba ngati mayina a anthu enieni, amuna amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, amene timawatcha Makololo. Anatsalira m'chigwa m'zaka za m'ma 1860, anali ndi mfuti, ndipo anakhazikitsa maufumu awo pakati pa Amang'anja. Ngakhale dzina loti Makololo ndi dengu lalikulu, pakuti ambiri mwa amunawo anali a mitundu ina imene inkalamulidwa ndi Akololo kwawoko.

Ngabu ndiye amazunguza mutu ngakhale eni chigwa. Pali tauni ya Ngabu pamsewu wa M1, yotchuka ndi kutentha, ng'ombe ndi thonje, komwe kuli likulu la zaulimi la chigwa chonse. Pali mfumu yaikulu Ngabu ya m'boma la Chikwawa. Palinso mfumu yaikulu Ngabu ya m'boma la Nsanje, yokhudzana ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Kalata kapena thandizo lolembedwa kuti "kwa Ngabu" popanda kutchula boma likhoza kuima pamalo olakwika, mtunda wautali kuchokera kumene likufunika.

Ku Khulubvi komweko kuli dzina lina lodabwitsa. Mayi amene amasankhidwa kukhala mkazi wa Mbona, wokhala pafupi ndi kachisi, amatchedwa Salima. Mmalawi wina aliyense akamva Salima amaona boma la m'mbali mwa nyanja, mchenga wa ku Senga Bay ndi mpunga. Mkulu wa ku Nsanje akati "Salima wamwalira" kapena "akufuna Salima watsopano", nkhani yake ndi ya udindo wa munthu. Wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa akufufuza za Mbona, analemba zambiri za udindo umenewu.

Fatima nayenso ali ndi nkhope zingapo. Kutsidya kwa Shire ndi malo a malonda ndi mishoni ya Chikatolika, kumapeto kwa msewu wochokera pa Thabwa. Dzinalo linachokera ku tauni ya Fátima ku Portugal, kumene Akatolika amakhulupirira kuti Maria anaonekera kwa ana atatu mu 1917. Koma kwa Msilamu, Fatima ndi mwana wamkazi wa Mtumiki Muhammad, ndipo ndi dzina limene amapatsa ana awo aakazi. Ndipo tauni ya ku Portugal ija inatenga dzinalo ku Chiarabu komweko.

Dzina likawoloka malire a chilankhulo

Tembo ndi dzina lopezeka m'chigwa cha Zambezi, kwa Achewa a ku Dedza monga John Tembo, kwa Atumbuka ndi kwa Ansenga a ku Zambia. Kwa Ashona a ku Zimbabwe, Tembo ndi mtupo, ndiye kuti mfunda, wa anthu amene nyama yawo yopatulika ndi mbidzi. M'Chiswahili, tembo ndi njovu. Khutu la Mchewa limamvamo mtembo. Munthu wa dzinali akapita ku Harare, ku Dar es Salaam ndi ku Lilongwe adzauzidwa zinthu zitatu zosiyana za dzina lake, aliyense womuuzayo ali wotsimikiza. Chigwa cha Shire chili pamphambano pa Chimang'anja, Chisena, Chilomwe cha anthu otsika kumapiri a Thyolo, ndi zilankhulo za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Pamalo otere dzina limamvedwa ndi makutu ambiri, ndipo khutu lililonse limalikokera kwawo.

Nkhani zokoma zofotokoza chiyambi

Munthu sakonda dzina lopanda tanthauzo. Likakhala losamveka, timalipezera nkhani. Ambiri tinamva kuti makolo ali paulendo, ena anagona pamwamba pa phiri n'kutchedwa a Phiri, ena anagwetsa udzu m'tsinde mwa phirilo kuti agonepo n'kutchedwa a Banda. Nkhani imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa imatiuza mmene makolo ankaonera ubale wa mifunda iwiriyi: wina pamwamba ndi ulamuliro, wina pansi ndi nthaka. Koma ntchito yake ndi kuphunzitsa, ndipo akatswiri saiwerenga ngati lipoti la zimene zinachitika usiku wina wake.

Nkhani zina n'zatsopano. Mwina munamvapo kuti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti British Overseas Military Administration. Zimamveka zanzeru, koma si zoona. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza mpanda kapena linga, ndipo linkagwiritsidwa ntchito Angerezi asanakhazikitse ulamuliro wawo kuno mu 1891. Ajeremani ku Tanganyika ankatchanso malo awo a ulamuliro kuti boma. Maofesi oyamba a atsamunda anali m'malinga, ndiye liwulo linachoka pa mpanda n'kupita pa ofesi, pa tauni ya ofesiyo, pa dera lonse, mpaka pa ulamuliro weniweniwo. N'chifukwa chake munthu wa kwa Ndamera akhoza kunena kuti "ndikupita ku boma kukadandaula za boma", ndipo timamumva.

Nanga akatswiri amasiyanitsa bwanji nkhani yokoma ndi chiyambi chenicheni? Amafufuza mmene liwulo linalembedwera koyamba, m'makalata a Apwitikizi a m'zaka za m'ma 1600, m'zolemba za apaulendo, kapena mu mtanthauziramawu wa Chimang'anja umene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mu 1892. Amayerekeza ndi zilankhulo zoyandikana, kuona ngati Chisena, Chiyao kapena Chishona chili ndi liwu lofanana nalo. Amamvetseranso katchulidwe, kukwera ndi kutsika kwa mawu kuja, chifukwa mawu awiri ofanana papepala akhoza kukhala osiyana pakamwa. Kufanana kwa kamvekedwe pakokha saukuwerengera ngati umboni.

Ngakhale atachita zonsezi, mayina ena amatsala ndi mafotokozedwe awiri. Mang'anja ndi limodzi mwa iwo. Ena amalilumikiza ndi nyanja, liwu limene kale linkanena madzi aakulu alionse, kaya nyanja kaya mtsinje waukulu, kotero Amang'anja ndi anthu a kumadzi, abale a Anyanja. Ena amalilumikiza ndi ng'anjo yosungunulira chitsulo, ndipo amakumbutsa kuti Livingstone anapeza Amang'anja akusula makasu ndi kuwomba nsalu za thonje. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira: mtsinje ulipo, ng'anjo zinalipo.

Kumene zimenezi zimatikhudza

Wina akhoza kuona ngati awa ndi macheza a pansi pa mtengo. Koma kuyambira pa kalembera wamkulu wa unzika wa mu 2017, dzina lolembedwa lakhala khomo lolowera ku zinthu zambiri: nambala ya foni, akaunti ya ku banki, kuvota, zipangizo zaulimi zotsika mtengo, thandizo la pa ngozi. M'dera limene madzi amasefukira kawirikawiri, monga mu Januwale 2015, mu 2019, mu Januwale 2022 ndi mu 2023, mapepala amapita ndi madzi ndipo makaundula amalembedwa mwachangu pamsasa, mlembi akulemba zimene wamva. Juwawo wa pachiphaso amakhala Joao m'kaundula wina ndi Zuwawo mwa wina. Amene amafuna kuti munthu aliyense akhale ndi dzina limodzi losasintha ali ndi chifukwa chomveka: zimatseka mpata wolandira kawiri ndi wolembetsa anthu oti kulibe. Amene amadandaula alinso ndi chifukwa chomveka: wovutika kwambiri ndi gogo wosadziwa kuwerenga, amene sanaonepo mmene dzina lake linalembedwera.

Pa ukwati nkhani ndi ina. Mwa mwambo, anthu a mfunda umodzi ankaonedwa ngati mlongo ndi mlongo wake, osayenera kukwatirana. Lero mnyamata ndi mtsikana onse olembedwa Phiri akhoza kukhala opanda ubale uliwonse, pamene awiri a mayina osiyana kotheratu akhoza kukhala a mbumba imodzi. Ankhoswe odziwa ntchito yawo sayang'ana chiphaso. Amafunsa kuti amayi ake ndi a kwa yani, agogo ake aakazi anachokera mudzi uti, maliro a kwawo amaikidwa kumanda ati. Pa milandu ya minda ndi ya ufumu mafunso ndi omwewo, pakuti kukhala ndi dzina la mpando pa satifiketi sikufanana ndi kubadwa m'mbumba yolowa dzinalo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chizolowezi choweruza mtundu wa munthu pongomva dzina lachiwiri, makamaka nthawi ya zisankho kapena polemba anthu ntchito. Banda akhoza kukhala Mchewa wa ku Kasungu, Mtonga wa ku Nkhata Bay kapena Mmang'anja wa kwa Lundu. Wa dzina la Chipwitikizi akhoza kukhala Mmalawi amene agogo a agogo ake anabadwira kwa Tengani, osaonapo Zambezi ndi maso.

Azakhali anabwerera kumudzi madzi ataphwera, ndipo anamanganso pamalo okwererapo pang'ono. Mdzukulu wawo wa ku sekondale anang'amba tsamba m'kope n'kulembapo mayina onse anayi ndi zilembo zikuluzikulu, kutsogolo kwa lililonse n'kulemba mwini wake: la bambo, la amuna, la kutchalitchi, la kumudzi. Pansi anyakwawa anasainapo. Pepalalo amalisunga m'kajumbo ka shuga pamodzi ndi chiphaso, ndipo kukamveka kuti kwabwera alembi, amayamba apereka pepalalo asanafunsidwe dzina.